Utsi wa Paulendo: Mmene Mayendedwe ndi Mtengatenga Zikutenthetsera Dziko Lapansi

Galimoto ikatentha lita imodzi ya petulo imatulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi wolemera pafupifupi makilogalamu 2.3, ndipo ikakhala ya dizilo, lita imodzi imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7. Munthu akamva zimenezi koyamba amakayika, ndipo m'pomveka, chifukwa lita ya petulo payokha sifika n'komwe kilogalamu imodzi ukaiika pa sikelo. Chinsinsi chake chili pa mmene moto umayakira. Mbali yaikulu ya mafuta oyendetsera magalimoto ndi kaboni, ndipo mafutawo akamayaka mu injini, kanthu kakang'ono kalikonse ka kaboni kamagwirana ndi tinthu tiwiri ta okosijeni tochokera mumpweya umene injiniyo ikukoka kunja. Okosijeni ameneyu ndi amene amawonjezera kulemera, moti mpweya wa kaboni wotuluka ku ekizozi umalemera kuwirikiza pafupifupi katatu mafuta amene anathiridwa m'thanki. Ndege nayonso ndi chimodzimodzi, pakuti kilogalamu imodzi ya mafuta ake imabala makilogalamu oposa 3 a mpweya womwewu.

Ambiri akaona lole yakale ikufuka utsi wakuda pokwera chitunda amaganiza kuti imeneyo ndiye ikuwononga nyengo, ndipo galimoto yatsopano yonyezimira, imene utsi wake suoneka, amaiyesa yosalakwa. Utsi wakudawo ndi woopsadi, makamaka ku mapapo a anthu, koma mpweya wa kaboni ulibe mtundu, ulibe fungo, ndiponso sutuluka chifukwa chakuti injini yawonongeka. Ndi chimene mafuta amasanduka akapsa bwinobwino. Zipangizo zosefera utsi zimene zimaikidwa ku ekizozi ya magalimoto amakono zimachepetsa mipweya ya poizoni, koma mpweya wa kaboni zimangoulola kudutsa. Palibe makaniko amene angakonze injini ya petulo kuti ileke kuutulutsa, ndipo chimene chingauchepetse n'kutentha mafuta ochepa kapena kusawatentha n'komwe.

Chifukwa chimene mpweya umenewu umatenthetsera dziko chinadziwika kalekale, magalimoto asanayambe kuyenda m'misewu. Dzuwa limatenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo nthaka ndi nyanjazo zimabweza kutenthako kumwamba. Mipweya ina ya mumlengalenga, monga kaboni dayokisaidi, methane ndi nthunzi ya madzi, imagwirako kutentha kobwererako n'kukusunga pafupi ndi dziko. Pakanapanda mipweya imeneyi dziko likanazizira moti zamoyo zambiri sizikanakhalapo, choncho vuto lagona pa kuchuluka kwake. M'chaka cha 1859 wasayansi John Tyndall anasonyeza ku London kuti kaboni dayokisaidi amagwira kutentha, ndipo m'chaka chomwecho Edwin Drake anaboola chitsime cha mafuta ku Titusville, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, chimene chinatsegula malonda a mafuta monga tikuwadziwira lero. Carl Benz analembetsa galimoto yake yoyendera petulo mu 1886, ndipo patangopita zaka 10 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengetsa mmene dziko lingatenthere mpweya wa kaboni utachuluka mumlengalenga.

Mafakitale asanachuluke, pa tinthu 1 miliyoni tilitonse ta mpweya wa mumlengalenga, pafupifupi 280 tinali ta kaboni dayokisaidi. Pamene Charles David Keeling ankayamba kuyeza mpweya paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 chiwerengerochi chinali cha m'ma 315, ndipo lero chadutsa 420. Nyanja ndi zomera zimameza pafupifupi theka la zimene anthu amatulutsa chaka chilichonse, koma zotsalazo zimaunjikana, ndipo gawo lina limakhala mumlengalenga kwa zaka mazanamazana. Zili ngati mgolo umene ukuthiridwa madzi ndi mpopi waukulu pamene pansi pake pali kabowo kakang'ono: kuchepetsako mpopiwo sikutsitsa madzi, kumangochedwetsa kudzaza. Mliri wa COVID-19 unasonyeza zimenezi poyera mu 2020, pamene ndege zambiri zinaima ndipo misewu ya m'mizinda ikuluikulu inakhala pululu. Mpweya wochokera ku mayendedwe unatsika ndi magawo oposa 10 pa 100 alionse m'chaka chimenecho, komabe kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi mumlengalenga kunapitirira kukwera, ndipo maulendo atayambiranso utsi unabwerera mwakale. Chaka cha 2024 chinakhala chotentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwapo, ndipo kutentha kwake kunaposa kwa nthawi ya mafakitale asanachuluke ndi pafupifupi madigiri 1.5, mlingo womwe mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse kusaudutsa.

Nanga gawo la mayendedwe ndi mtengatenga pa zonsezi ndi lalikulu motani? Gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, lotchedwa IPCC, linapeza kuti mu 2019 magalimoto, ndege, sitima zapamadzi ndi zapamtunda zinatulutsa matani pafupifupi 8.7 biliyoni a mipweya yotenthetsa dziko, pamene mu 1990 zinatulutsa matani 5 biliyoni. Pa mpweya wonse wa kaboni wochokera pa kutentha malasha, mafuta ndi gasi, 23 peresenti inali ya mayendedwe. Mkati mwa gawo limeneli, zoyenda pamsewu zinatenga 70 peresenti, ndege 12 peresenti, sitima zapamadzi 11 peresenti, ndipo zoyenda panjanji 1 peresenti yokha. Ku United States mayendedwe ndiwo akutsogola pa magwero onse a mipweya imeneyi, ndipo m'mayiko a European Union, kumene opanga magetsi ndi mafakitale achepetsa utsi wawo kwambiri kuyambira 1990, utsi wa mayendedwe wokha ndi umene udakali pamwamba pa mlingo wa chaka chimenecho.

Kuuma kwa gawo limeneli kuli ndi zifukwa zake. Mphamvu zoposa 90 peresenti zimene mayendedwe amagwiritsa ntchito zimachokerabe ku mafuta okumbidwa pansi, chifukwa mafutawa amasunga mphamvu zambiri m'malo ochepa, amathiridwa m'mphindi zowerengeka, ndipo amanyamulika. Komanso moto wake ndi womwazikana. Boma likafuna kuchepetsa utsi wa magetsi likhoza kutseka malo angapo opangira magetsi ndi malasha, n'kukambirana ndi makampani owerengeka. Za mayendedwe n'zosiyana, pakuti padziko lapansi pali magalimoto oposa 1 biliyoni, iliyonse ili ndi mwini wake, thanki yake ndi zifukwa zake zoyendera, ndipo palibe chotsekera chimodzi chimene munthu angachigwire kuti zonse zizime.

Galimoto ya munthu payekha ndi yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa m'menemo ndi mmene mafuta ambiri amapsera pachabe. Injini ya petulo imafikitsa ku mateyala gawo losapitirira limodzi mwa magawo atatu a mphamvu za mafuta ake, ndipo nthawi zambiri locheperapo, makamaka m'tauni mmene galimoto imangoima n'kunyamuka. Mphamvu zotsalazo zimatayika monga kutentha kudzera mu rediyeta ndi ekizozi. Ndiyeno mphamvu zochepa zimene zafika ku mateyalazo zimathera kukankha chitsulo cholemera tani imodzi ndi theka kapena kuposa, pamene munthu amene akufuna kufika kuntchito salemera ngakhale makilogalamu 100. M'mayiko ambiri olemera, galimoto imanyamula munthu mmodzi kapena awiri paulendo, ngakhale ili ndi mipando isanu.

Akatswiri opanga injini agwira ntchito yotamandika pa zaka 50 zapitazi, ndipo injini ya lero imamwa mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi yakale ya mphamvu zofanana. Chomvetsa chisoni n'chakuti phindu lalikulu la luso limeneli latheranso mu kukula kwa magalimoto. Bungwe loona za mphamvu padziko lonse la International Energy Agency linanena kuti mu 2023 pafupifupi theka la magalimoto atsopano ogulitsidwa padziko lapansi anali a mtundu wa SUV, amene ndi aatali, olemera, ndipo amatulutsa mpweya wa kaboni wochuluka ndi pafupifupi 20 peresenti kuposa galimoto ya saizi yapakati. Magalimoto a mtundu umenewu okha anatulutsa matani oposa 1 biliyoni m'chaka chimenecho, moti akanakhala dziko akanakhala pa nambala 5 pa mayiko otulutsa mpweya wambiri. Makampani amawakonda chifukwa phindu pa galimoto imodzi limakhala lalikulu, ndipo ogula amawakonda chifukwa amadzimva otetezeka pamsewu umene anzawo onse akuyendetsa zazikulu. Apa m'pamene munthu amaona kuti luso la makina palokha silithetsa vutoli ngati malonda akukokera kwina.

Chinthu chimene ine ndikuchiona kuti n'chachikulu kuposa zonse, ngakhale sichitchulidwa kawirikawiri, ndi kutalika kwa maulendo amene anthu amakakamizika kuyenda. Munthu sadzuka m'mawa n'cholinga chotentha petulo. Amafuna kufika kuntchito, kusukulu ya ana, kuchipatala ndi kumsika, ndipo mtunda wa pakati pa malo amenewa sanausankhe ndi iye. Unasankhidwa ndi amene anagawa malo, amene analamula kuti nyumba zikhale mbali ino ndipo mashopu ndi maofesi akhale mbali inayo, amene anamanga msewu waukulu osasiya poyenda apansi, ndiponso amene anakhazikitsa lamulo lakuti nyumba iliyonse yamalonda ikhale ndi malo aakulu oimikapo magalimoto. Mzinda wa Atlanta ku America ndi wa Barcelona ku Spain imayerekezeredwa kawirikawiri pa nkhaniyi, chifukwa panthawi imene anthu ake anali ofanana kuchuluka, Atlanta anali atatambalala pa malo aakulu kuwirikiza maulendo ambirimbiri. Wokhala mumzinda wotambalala chotero sangachitire mwina koma kukhala ndi galimoto, ndipo kumudzudzula kuti sakonda chilengedwe n'kumulakwira.

Mzinda ukadzaza ndi magalimoto, nzeru yoyamba imene imabwera kwa akuluakulu ndi kukulitsa msewu, ndipo kwa zaka zingapo zimaoneka ngati zathandiza. Koma msewu ukayamba kuyendeka bwino, anthu amene ankapewa ulendowo amayamba kuuyenda, amene ankakwera basi amagula galimoto, ndipo omanga nyumba amatsegula malo atsopano kutali kwambiri podziwa kuti msewu ulipo. Posapita nthawi mdipiti wa magalimoto umabwerera, koma tsopano uli wa magalimoto ochuluka oyenda maulendo ataliatali. Msewu wa Katy Freeway mumzinda wa Houston ku America unakulitsidwa pofika mu 2008 mpaka malo ena kukhala ndi mizere 26 kuphatikizapo ya m'mbali, ndipo patangopita zaka zochepa nthawi imene anthu ankatha pamsewuwo m'mawa ndi madzulo inayambanso kukwera. Akatswiri a mapulani a mizinda akhala akuona zimenezi m'mayiko ambiri, koma phunziroli limavuta kulandirika chifukwa msewu watsopano umaoneka ndi maso ndipo umakoma kuutsegulira, pamene ulendo umene wapewedwa palibe amauona.

Mizinda ina inasankha njira yosiyana. Curitiba ku Brazil inayamba mu 1974 kupatulira mabasi mizere yawoyawo pamsewu kuti asamatsekerezedwe ndi magalimoto ang'onoang'ono, ndipo inalola nyumba zitalizitali kumangidwa motsatira misewu ya mabasiyo. Bogotá ku Colombia inatengera nzeruyi mu 2000 ndi mabasi ake a TransMilenio. Singapore inayamba kulipiritsa magalimoto olowa pakati pa mzinda mu 1975, London inatsatira mu 2003, ndipo Amsterdam ndi Copenhagen zinamanga njira zotetezeka za njinga zakapalasa mpaka kupalasa kunakhala chinthu cha aliyense, wachuma ndi wosauka yemwe. Sitima yapamtunda ili ndi mwayi wake wachibadwa, chifukwa gudumu lachitsulo loyenda panjanji yachitsulo silifuna mphamvu zambiri kuti lipitirire, ndipo njanji n'zosavuta kuziikira magetsi. N'chifukwa chake sitima zimanyamula pafupifupi 8 peresenti ya maulendo a anthu padziko lapansi ndi 7 peresenti ya katundu, koma zimadya 2 peresenti yokha ya mphamvu za mayendedwe. Tisaiwale, komabe, kuti basi yoyenda ndi anthu atatu imawononga kuposa galimoto yodzaza. Phindu la zoyendera pagulu limadalira kuti anthu azikweradi, ndipo anthu amakwera zikakhala zodalirika, zobwera pafupipafupi, zotetezeka ndi zofika kumene iwo akupita.

Katundu ali ndi nkhani yakeyake. Malole ndi mabasi sakwana 10 peresenti ya magalimoto a mateyala anayi kapena kuposa, koma amatulutsa gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a mpweya wa kaboni wa pamsewu, chifukwa ndi olemera ndipo amakhala paulendo tsiku lonse. Ku Ulaya, pa makilomita asanu alionse amene malole amayenda, pafupifupi imodzi amaiyenda opanda katundu, akubwerera kumene achokera. Malonda a pa intaneti, amene amalonjeza kufikitsa phukusi mawa lomwe, awonjezeranso magalimoto ang'onoang'ono operekera katundu khomo ndi khomo.

Sitima zapamadzi zimanyamula zoposa 80 peresenti ya katundu yense wa malonda a pakati pa mayiko, tikamayeza kuchuluka kwake. Pa tani imodzi yonyamulidwa kilomita imodzi, palibe njira ina yoposa sitima yaikulu pa kusamala mafuta, ndipo ndege yonyamula katundu yemweyo imatulutsa mpweya wochuluka kuwirikiza maulendo makumi angapo. Ichi n'chifukwa chake mtunda umene chinthu chayenda suuza munthu zonse, pakuti katundu wochokera kutsidya kwa nyanja pa sitima akhoza kukhala ndi utsi wochepa kuposa wochokera pafupi pa ndege kapena pa lole yosadzaza. Koma popeza katunduyo ndi wochuluka zedi, sitima zonse pamodzi zimatulutsa matani pafupifupi 1 biliyoni pachaka, kuposa dziko lonse la Germany. N'zochititsanso chidwi kuti gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a katundu wa panyanja, tikamayeza kulemera, ndi malasha, mafuta ndi gasi zomwezo, kutanthauza kuti dziko likachepetsa kudalira zimenezi maulendo ambiri a panyanja adzatha okha.

Sitima zambiri zimatentha mafuta okhuthala amene amatsalira pansi petulo ndi dizilo zikayengedwa. Mu 2020 bungwe loona za maulendo a panyanja la International Maritime Organization linatsitsa sulufule wololedwa m'mafuta amenewa kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti, pofuna kuteteza thanzi la anthu okhala m'mbali mwa nyanja ndi m'madoko. Lamuloli linali loyenera, koma linaulula chinthu chovuta: utsi wa sulufule unkawalitsa mitambo ya pamwamba pa nyanja, n'kumabweza kuwala kwina kwa dzuwa, choncho unkabisako pang'ono kutentha kumene mpweya wa kaboni unali utayambitsa kale. Utsiwo utachepa, kutentha kobisikako kunaonekera. Njira yofulumira imene eni sitima ali nayo m'manja lero ndi kuchepetsa liwiro, popeza mphamvu zofunika kukankha sitima m'madzi zimakwera mofulumira kwambiri liwiro likangowonjezeka pang'ono.

Ndege zimatulutsa pafupifupi 2.5 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni padziko lapansi, chiwerengero chimene chimaoneka chaching'ono mpaka munthu atafunsa kuti okwera ndegewo ndi angati. Anthu ambiri padziko lapansi sakwera ndege chaka chonse, ndipo ochuluka sanaikwerepo chibadwire. Akatswiri ena anawerengetsa kuti mu 2018 munthu mmodzi yekha pa anthu 9 alionse ndi amene anakwera ndege, ndipo pafupifupi theka la utsi wa ndege zonyamula anthu linachokera kwa 1 peresenti ya anthu a padziko lapansi, amene amauluka pafupipafupi. Ulendo umodzi wopita ndi kubwera pakati pa London ndi New York, pa mpando wamba, umatulutsa pafupifupi tani imodzi ya mpweya wa kaboni pa munthu mmodzi, kuposa zimene nzika wamba ya mayiko ambiri osauka imatulutsa chaka chathunthu pa zochita zake zonse. Wokhala pa mipando yotakasuka ya kutsogolo gawo lake limakula kuwirikiza, chifukwa malo ake akanakwana anthu angapo.

Ndege zimatenthetsanso dziko m'njira ina imene magalimoto alibe. Mizere yoyera imene zimasiya kumwamba ndi nthunzi yochokera mu injini imene yaundana chifukwa cha kuzizira kwa kumeneko, ndipo nyengo ikalola, mizereyo imatambalala n'kusanduka mitambo yopyapyala imene imagwira kutentha, makamaka usiku. Zimenezi zikaphatikizidwa ndi mipweya ina ya mu injini, gawo la ndege pa kutentha kwa dziko limaposa ndithu gawo lake pa mpweya wa kaboni. Mabatire sangathandize pa maulendo ataliatali pakalipano, popeza kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege imasunga mphamvu zochuluka kuwirikiza maulendo oposa 40 kuyerekeza ndi kilogalamu ya batire, ndipo ndege siingathe kunyamula kulemera kotero. Mafuta ena opangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito ndi zinyalala za zomera ayamba kugwiritsidwa ntchito, koma mu 2024 sanakwane ngakhale 1 peresenti ya mafuta onse a ndege. France inaletsa mu 2023 maulendo ena a ndege a m'dziko momwemo kumene sitima imafika pasanathe maola awiri ndi theka, ngakhale lamulolo linakhudza njira zochepa chabe.

Palinso vuto la kawerengedwe. Sitima yolembetsedwa ku Panama, ya kampani ya ku Greece, yonyamula katundu wa ku China kupita naye ku Netherlands, utsi wake ulembedwe pa dzina la yani? Mgwirizano wa zanyengo wa ku Kyoto wa mu 1997 unasiya utsi wa maulendo a pakati pa mayiko m'manja mwa mabungwe awiri a United Nations, la zapanyanja lija ndi la zandege lotchedwa International Civil Aviation Organization, ndipo mayiko ambiri sauphatikiza pa malonjezo awo. La zandege linagwirizana mu 2022 kuti pofika 2050 utsi wotulutsidwa uzifanana ndi wochotsedwa mumlengalenga, ndipo la zapanyanja linalonjeza zofanana nazo mu 2023. Malonjezowa ndi olandirika, koma ndondomeko ya zandege imene inakhazikitsidwa mu 2016 imadalira kwambiri kulipira ena kuti achepetse utsi kwina, monga posamala nkhalango, m'malo mochepetsa mafuta otenthedwa m'ndegemo, ndipo nkhalango ikhoza kupsa chaka chamawa pamene mpweya wa ndege udakali kumwamba.

Ziwerengero zonse zatchulidwazi ndi za utsi wotuluka paulendo penipenipo. Kumbuyo kwake kuli wina umene umalembedwa pa dzina la mafakitale: wa pokumba ndi poyenga mafuta, wa posungunula chitsulo cha magalimoto, wa popanga simenti ya milatho, mabwalo a ndege ndi madoko. Mpweya woziziritsira m'magalimoto ambiri, wotchedwa HFC-134a, ukathawa umagwira kutentha kuwirikiza maulendo oposa 1,000 kuyerekeza ndi kaboni dayokisaidi wolemera mofanana, ndipo ndi umodzi mwa mipweya imene mayiko anagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti aichepetse. Mwaye wa dizilo nawo, ukagwera pa madzi oundana a kumapiri ndi kumpoto kwenikweni kwa dziko, umawadetsa n'kuwachititsa kusungunuka msanga.

Galimoto yamagetsi ndi imene anthu ambiri akuiyang'ana ngati yankho, ndipo mbali yaikulu akunena zoona. Mota yamagetsi imafikitsa ku mateyala magawo atatu mwa anayi a mphamvu zimene yalandira, kapena kuposa. Kuipanga kumatulutsa utsi wambiri kuposa kupanga ya petulo chifukwa cha batire, koma ngongole imeneyi nthawi zambiri imabwezedwa m'zaka zochepa zoyambirira, ndipo pa moyo wake wonse, tikatengera magetsi a padziko lonse monga alili lero, imatulutsa pafupifupi theka la utsi wa inzake ya petulo. Kumene magetsi amachokera ku madzi, dzuwa kapena mphepo kusiyanako kumakula, ndipo kumene amachokera ku malasha kumachepa. Malonda ake akwera mofulumira, moti mu 2024 anagulitsidwa magalimoto amagetsi oposa 17 miliyoni, kutanthauza imodzi pa magalimoto asanu alionse atsopano. Ku Norway pafupifupi 9 pa 10 alionse atsopano anali amagetsi okhaokha, ndipo mzinda wa Shenzhen ku China unali utasintha kale mabasi ake onse, oposa 16,000, pofika mu 2017. Njinga zamoto ndi zoyenda ndi mateyala atatu zikusinthanso mwachangu ku Asia, popeza batire lake ndi laling'ono ndipo mtengo wake ndi wofikirika.

Komabe galimoto yamagetsi ndi galimoto ndithu. Imafuna msewu womwewo ndi malo oimikapo omwewo, siifupikitsa mtunda wa pakati pa nyumba ndi ntchito, ndipo ikakhala yaikulu imafuna batire lalikulu, kutanthauza miyala yambiri ya lithium ya ku Australia ndi Chile, komanso cobalt, amene pafupifupi 70 peresenti yake imakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, kumene ena mwa okumba amagwira ntchito moika moyo pachiswe. Batire limodzi la SUV yaikulu likhoza kukwana magalimoto ang'onoang'ono awiri kapena njinga zamagetsi zambirimbiri. Za mafuta ochokera ku zomera, Brazil yakhala ikuyendetsa magalimoto ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1975 ndipo phindu lake likuoneka, koma kumene nkhalango zagwetsedwa kuti padzalidwe migwalangwa yopangira mafuta, kaboni wotuluka m'mitengo ndi m'nthaka amaposa amene wapulumutsidwa ku ekizozi kwa zaka zambiri.

Kusintha kwa nyengo kwayamba kubwezera pa mayendedwe omwewo. Mu 2018 ndi mu 2022 madzi a mtsinje wa Rhine ku Ulaya anatsika moti mabwato onyamula katundu ankayenda osadzaza kuti asakhudze pansi. Mu July 2022, kutentha kutafika madigiri 40 ku Britain kwa nthawi yoyamba, maulendo ambiri a sitima anaimitsidwa poopa kuti njanji zipindika. Mu 2023 chilala chimene chinakulitsidwa ndi El Niño chinachepetsa madzi a m'nyanja ya Gatún, imene imapereka madzi ku ngalande ya Panama yodutsamo sitima, ndipo oyang'anira ngalandeyo anachepetsa chiwerengero cha sitima zololedwa kudutsa patsiku. Milatho ndi misewu yambiri inamangidwa motengera mvula ndi kutentha kwa zaka zakale, ndipo madzi osefukira akaikokolola, oyamba kuvutika amakhala anthu amene gawo lawo pa utsi wonsewu ndi lochepetsetsa.

Zinthu za mayendedwe zimakhalitsa, ndipo apa m'pamene nthawi ikuthina. Galimoto yogulidwa lero idzayenda zaka 15 kapena 20, ndipo ikatopa m'dziko limene inagulidwa koyamba siipita kudzala. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito okwana 14 miliyoni anatumizidwa kuchokera ku Ulaya, Japan ndi United States, ndipo pafupifupi 80 peresenti anapita kumayiko osauka ndi apakatikati, kumene amapitiriza kutentha mafuta kwa zaka zina zambiri. Dziko lolemera likhoza kuyeretsa ziwerengero zake mwa njira imeneyi pamene mlengalenga, umene ndi umodzi, sunapindule kanthu. Ndege ndi sitima zapamadzi zimagwira ntchito zaka 25 kapena 30, choncho zambiri zimene zikupangidwa panopa zidzakhala zikuyendabe mu 2050. Mapangidwe a mzinda amakhalitsa kuposa zonsezi, chifukwa msewu ukalambulidwa ndipo nyumba zikamangidwa m'mbali mwake, zimakhala choncho kwa mibadwo. United Nations inayerekezera mu 2018 kuti pofika 2050 anthu okhala m'mizinda adzawonjezeka ndi 2.5 biliyoni, ndipo pafupifupi 90 peresenti ya kukulaku kudzachitika ku Asia ndi ku Africa. Madera ambiri amene anthu amenewa adzakhalemo sanamangidwe, ndipo mtunda umene adzayende tsiku ndi tsiku, komanso ngati adzauyende wapansi, panjinga, pabasi, pasitima kapena pagalimoto, ukusankhidwa m'zaka zinozi ndi ogawa malo, ojambula mapulani a misewu ndi mabanki amene akubwereketsa ndalama zomangira.